Loya yemweyo kusumira boma lero, mawa n'kuliyimira: ntchito ya ma KC a ku London imayenda bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England ndipo mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya malamulo chaka chamawa. Akuti akufuna kudzakhala barrister wa milandu ya makampani komanso milandu yosumira boma, mpaka wandionetsa mbiri ya bambo wina wa KC (King's Counsel, ulemu wa ma barrister akuluakulu) yemwe amachita zonse ziwirizi. Ine zandisokoneza. Munthu mmodzi angayimire bwanji mabanki olemera kenako n'kumati akumenyera ufulu wa anthu, si dyera limeneli? Nanga kufika pamenepo ndi zaka zingati, ife opanda dzina tingakwanitse?

Yankho: Mayi zikomo, ndipo ndiyambe ndi lomwe lakuvutani kwambirilo, la dyera. Ndalama mu ntchito imeneyi ilimo, yambiri ndithu kwa omwe afika pamwamba, ndiye sindikunamizani kuti ndi ntchito ya ansembe ayi. Koma zoti munthu lero ali mbali ya banki mawa ali mbali ya munthu wamba yemwe akulimbana ndi boma, ntchitoyo anaimanga choncho dala, ndipo mwana wanu akalowamo nayenso zidzamuchitikira.

Kwathu ku Malawi mukapita kwa loya, yemweyo ndi amene amakumverani nkhani, kulemba makalata, kusunga fayilo, kenako kuvala mkanjo kukayankhula pamaso pa jaji. Ku England ntchito imeneyi anaigawa pawiri. Pali solicitor, uyu ndi amene ali ndi ofesi yomwe kasitomala amafikirako, ndi amene amasonkhanitsa mapepala ndi mboni ndi kuyendetsa mlandu tsiku ndi tsiku. Ndiye pali barrister, yemwe solicitor amakamulemba ntchito mlandu ukafuna katswiri woti apereke maganizo ake kapena akayime m'khothi. Ma barrister ambiri sali pa ntchito kwa munthu aliyense, alibe bwana, alibe malipiro a pamwezi. Amakhala m'magulu otchedwa chambers komwe amasonkherana lendi ndi malipiro a ma clerk, omwe amawalandirira milandu ndi kukambirana mitengo, koma thumba ndi la aliyense payekha, moti ma barrister awiri a mu chambers imodzi akhoza kukumana pa mlandu umodzi wina mbali iyi wina mbali inayo, masana n'kumwera tiyi limodzi. Kwa ife zimaoneka zachilendo koma kumeneko ndi zatsiku ndi tsiku.

Pamwamba pa izi pali lamulo lawo lomwe amalitcha cab rank rule. Lili ngati la takisi yomwe ili kutsogolo pa renki, yemwe wafika ndi ndalama yaulendo ndi yemweyo umamunyamula, sumuyang'ana nkhope kapena kufunsa chipani chake. Barrister akabweretseredwa mlandu wa gawo lomwe amalidziwa, ali ndi nthawi, ndalama yake ndi yoyenera ndipo palibe chomwe chikuwombana ndi kasitomala wake wina, saloledwa kukana chifukwa choti munthuyo amamuda kapena nkhaniyo ikumunyansa. Cholinga chake n'choti ngakhale munthu yemwe dziko lonse lamutembenukira apeze womuyankhulira wabwino. Ndinene zoona, lamuloli lili ndi mipata, clerk wochenjera akhoza kungonena kuti bwana ali ndi milandu yambiri mwezi umenewo kapena kutchula mtengo woti wofunsayo athawe yekha, komabe ndi lomwe limapangitsa kuti majaji ndi anthu asamamuone loya ngati iyeyo ndi kasitomala wake.

Tengani Lord Pannick, David Pannick, mwina ndi yemwe mwana wanu wakuonetsaniyo kaya. Anayamba ntchito mu 1979, anapatsidwa ulemu wa QC (womwe lero ndi KC) mu 1992, ndipo amagwirira ku Blackstone Chambers. Pa nkhani ya Brexit anayimira mayi wabizinesi Gina Miller yemwe ankati boma silingayambe kutuluka mu European Union palokha osadutsa ku nyumba ya malamulo, ndipo mu Januware 2017 Supreme Court inagwirizana naye, majaji 8 kutsutsana ndi 3. Mu 2019 nduna yaikulu Boris Johnson atatseka nyumba ya malamulo kwa masabata 5 nthawi yomwe aphungu ankafuna kukambirana za Brexit yomweyo, Pannick anabwereranso ndi Gina Miller, ndipo pa 24 Seputembala majaji onse 11 motsogozedwa ndi Lady Hale anati kutsekako kunali kosemphana ndi lamulo, ngati sikunachitike n'komwe. Mungaganize kuti basi uyu ndi mdani wa Boris Johnson mpaka kalekale. Koma Boris yemweyo atapanikizidwa ndi komiti ya aphungu pa nkhani ya maphwando a nthawi ya Covid, loya yemwe anamulangiza anali Pannick. Ndipo pa mlandu wotumiza anthu ofuna chitetezo ku Rwanda anali mbali ya boma, limodzi ndi Sir James Eadie yemwe ankalimbana naye pa milandu ya Miller ija, ndipo ulendo uno anagonja, mu Novembala 2023 Supreme Court inati ndondomekoyo ndi yosaloledwa. Pakati pa zonsezi ndi yemwenso timu ya Manchester City inamulemba ntchito mu 2023 kuti aiyimire pa milandu ya zandalama yomwe Premier League inaitsegulira. Ndiye mukaona mndandanda woterewu musafunse kuti kodi bamboyu ali mbali iti. Chomwe akugulitsa ndi luso lotenga nkhani yosokonekera n'kuiika m'mfundo zitatu zomwe jaji angazigwire, komanso dzina loti akauza khothi kuti lamulo likuti chakuti, majaji amadziwa kuti sakuwanamiza.

Dzina limenelo ndiye chuma chenicheni cha barrister wamkulu, kuposa pakamwa. Ali ndi udindo ku khothi womwe umaposa udindo wake kwa kasitomala, moti ngati pali chigamulo chakale chomwe chikupha mlandu wake ndipo mnzake wa mbali inayo wachiiwala, iyeyo ayenera kuchitchula yekha. Majaji a makhothi akuluakulu ku London si ambiri, ndipo ambiri mwa iwo anachokera mu ma chambers omwewo, ukangowapusitsa kamodzi nkhani imafala, zaka 20 zomwe unavutika zathera pomwepo.

Tsopano n'chifukwa chiyani milandu ya malonda ndi yosumira boma imapezeka mwa munthu mmodzi. Anthu ambiri akamva zosumira boma amaganiza za othawa kwawo, akaidi, olumala omwe alandidwa thandizo, ndipo imeneyo ilipodi. Koma amene amasumira boma ali ndi ndalama m'thumba ndi makampani. Bizinesi yaikulu iliyonse ku Britain ili pansi pa bungwe lina la boma loiyang'anira, a mafoni ndi wailesi ali ndi Ofcom, a magetsi ndi gasi ali ndi Ofgem, mabanki ndi a inshuwalansi ali ndi FCA, ndipo bungwe lotere likagamula chinthu chomwe chidye mamiliyoni a kampani, kampaniyo imathamangira ku khothi ndi mfundo zomwezo zomwe munthu wosauka amagwiritsa ntchito, kuti bomali lapyola mphamvu zomwe lamulo linalipatsa, kapena silinatimve kaye, kapena chomwe lachita n'chopanda nzeru. Makampani a fodya anachita zimenezi pomwe boma linalamula kuti mapaketi a ndudu akhale opanda zokongoletsa, ndipo anagonja mu 2016. Nthawi ina zimatembenuka, pa Covid ndi FCA yomwe inakokera makampani a inshuwalansi ku khothi kuti zidziwike ngati ayenera kulipira mabizinesi ang'onoang'ono omwe anatsekedwa, ndipo mu Januware 2021 Supreme Court inagamula mokomera mabizinesiwo pa mfundo zambiri. Pa milandu yotere mukufuna loya womvetsa kontirakiti ndi mabuku a ndalama, komanso womvetsa pomwe mphamvu za boma zimathera. Anthu otha zonse ziwiri bwinobwino ndi ochepa, n'chifukwa chake mitengo yawo ili kumwamba.

Koma kagwiridwe kake ndi kosiyana kwambiri, ndipo mwana wanu ndi bwino adziwiretu komwe mtima wake ungapirire. Mlandu wa malonda ndi mapepala. Commercial Court inayamba mu 1895 ndipo lero ili mu Rolls Building ku London, ndipo milandu yake yambiri ndi ya anthu omwe si a ku England n'komwe, kungoti m'makontirakiti awo analemba kuti tikadzayambana lamulo la England ndi lomwe lidzatiweruze. Sitima zapamadzi, mafuta, inshuwalansi, ngongole za mabanki, katangale. Mbali iliyonse imakakamizidwa kuulula mapepala ake onse okhudza nkhaniyo, ngakhale omwe akuipha, ndiye pamakhala maimelo ndi mauthenga a pafoni osawerengeka, ndipo barrister wamng'ono amatha miyezi ali chiweramire pa kompyuta kufunafuna imelo imodzi yomwe bwana wina analemba usiku osaganiza. Zokuwa zomwe timaonera pa TV kulibe. Majaji a kumeneko anafika ponena poyera, makamaka kuchokera pa mlandu wa Gestmin mu 2013, kuti zomwe munthu akukumbukira patapita zaka sizodalirika kwenikweni, chodalirika ndi chomwe chinalembedwa nthawi yomweyo. Ndiye luso lofunsa mboni ndi kuiyendetsa pang'onopang'ono, pepala ndi pepala, mpaka ifike pomwe mawu ake akutsutsana ndi siginecha yake.

Chitsanzo chomwe maloya amakonda kuchitchula ndi cha Boris Berezovsky kusumira Roman Abramovich, mwini wake wa Chelsea nthawi imeneyo, kufuna madola oposa 5 biliyoni pa nkhani ya kampani ya mafuta ya Sibneft ndi zina. Mapangano ambiri omwe ankakangana anali apakamwa, a ku Russia ya m'ma 1990, ndiye zonse zinatsamira pa funso loti jaji akhulupirira ndani. Abramovich anayimiridwa ndi Jonathan Sumption, yemwe anamufunsa Berezovsky masiku angapo, ndipo mu Ogasiti 2012 jaji Elizabeth Gloster anati Berezovsky ndi mboni yosadalirika n'kutaya mlandu wonse. Sumption ameneyu mbiri yake ndi yosangalatsa kwa funso lanu chifukwa digiri yake sinali ya malamulo, anaphunzira mbiri yakale ku Oxford n'kuiphunzitsako, analowa ntchito ya barrister mu 1975, QC mu 1986, anayimira mabanki komanso boma, pa kafukufuku wa Hutton mu 2003, wofufuza imfa ya katswiri wa boma David Kelly, anali mbali ya boma, ndipo mu 2012 anakwera kuchoka pa barrister kupita ku Supreme Court osadutsa makhothi apansi, chinthu chosowa kwambiri. Pa mlandu woyamba wa Miller uja iyeyo anali mmodzi wa majaji 8 omwe anagamula motsutsa boma lomwe ankaliyimira kale.

Ndipo musaganize kuti milandu ya ku London ili kutali ndi kwathu. Ngongole zobisika za ku Mozambique, pafupifupi madola 2 biliyoni omwe anabwerekedwa mu 2013 ndi 2014 ati ogulira maboti a nsomba za tuna ndi achitetezo, zinakathera mu Commercial Court momwemo, ndipo mu Julayi 2024 jaji Robin Knowles anagamula mokomera Mozambique pa mlandu wake ndi kampani ya Privinvest. A ku Zambia akukumbuka anthu 1,826 a ku Chingola omwe anasumira Vedanta ndi Konkola Copper Mines pa nkhani yoipitsa madzi, mu Epulo 2019 Supreme Court inavomera kuti mlanduwo ukhoza kumvedwa ku England. Yemwe anawayimira, Richard Hermer, mu 2024 anasankhidwa kukhala Attorney General, ndiye kuti mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Mwana wodziwa chiyankhulo ndi makhalidwe a chigawo chathu sakubwera chimanjamanja pa milandu ngati imeneyi.

Milandu yosumira boma, yomwe amaitcha judicial review, ndi ina. Ndi yothamanga, uyenera kukadandaula msanga ndipo isapitirire miyezi 3 chichitikire chinthucho, uyenera kupempha kaye chilolezo cha jaji kuti mlandu upitirire, ndipo kawirikawiri mboni siziyima n'komwe, zonse ndi zolembedwa ndi mkangano wa malamulo, tsiku limodzi kapena awiri basi yatha. Chomwe ophunzira ambiri chimawakhumudwitsa n'choti khothi silifunsa ngati chomwe nduna yachita ndi chabwino, limafunsa ngati inali ndi mphamvu yochichita komanso ngati yatsata njira yoyenera. Mutha kupambana, chisankho cha nduna n'kufufutidwa, nduna n'kubwerera ku ofesi kukapanganso chisankho chomwecho koma ulendo uno motsata ndondomeko. Muyeso wakale womwe maloya a ku Blantyre ndi Lusaka nawonso amautchula m'khothi ndi wa mlandu wa Wednesbury wa 1947, womwe unali nkhani yaing'ono, khonsolo inalola nyumba ya kanema kutsegula Lamlungu koma ana osakwana zaka 15 asalowe, eni ake anasuma n'kugonja, khothi linati lingalowerere pokhapokha chisankho chili chopanda nzeru moti palibe bungwe lanzeru lomwe likanachipanga. Pakhomo pamenepo ndi popapatiza. Koma pakatseguka zimasintha miyoyo ya anthu ambiri nthawi imodzi. Mu 2013 boma linaika ndalama yofika mapaundi 1,200 yoti wantchito alipire asanasumire bwana wake, madandaulo anatsika kwambiri, bungwe la ogwira ntchito la UNISON linasuma, linagonja m'makhothi apansi, koma mu Julayi 2017 Supreme Court inati ndalamayo ikutsekereza anthu chilungamo ndipo inathetsedwa. Yemwe anayankhula kumeneko ndi mayi Dinah Rose, wa ku Blackstone komweko, yemwenso amayimira makampani akuluakulu. Inuyo ngati mungachotsedwe ntchito mopanda chilungamo, mlandu umenewo ukukukhudzani mwachindunji.

Za zaka tsopano. Akamaliza digiri pali kosi ya chaka chimodzi ya Bar, yodula, ndipo ayenera kulowa mu imodzi mwa ma Inn anayi, mabungwe a ma barrister, Lincoln's Inn, Inner Temple, Middle Temple kapena Gray's Inn, ndi iwowa amene amamuvomereza kukhala barrister. Malemu Orton Chirwa anadutsa ku Lincoln's Inn mu 1958, ndiye njirayi si yachilendo kwa Amalawi. Koma kuvomerezedwako si ntchito, apa ndi pomwe makolo ambiri amapusitsika, amajambulitsa zithunzi za wigi n'kutumiza kumudzi poganiza kuti zatheka. Khomo lenileni ndi pupillage, chaka chimodzi chophunzira ntchito mu chambers, miyezi 6 yoyamba kungotsata wamkulu ndi kumulembera, 6 yachiwiri kuyamba kugwira zako. Ofunsira amakhala masauzande chaka chilichonse pomwe malo ndi mazana ochepa chabe, ndipo ma chambers apamwamba a malonda amatenga anthu owerengeka, mwina atatu kapena anayi, ambiri mwa iwo okhala ndi first class ndi digiri yachiwiri, ndipo Oxford ndi Cambridge zikadali ndi gawo lalikulu kuposa momwe ziyenera kukhalira. Akadutsa apo chambers ivote ngati imusunge, akapanda kusungidwa ayambirenso kusaka kwina. Ndalama ya pupillage yochepetsetsa ingopitirira mapaundi 20,000 koma ma chambers a malonda amapereka yoposa 60,000, ndiye mukuona kusiyana kwayambira pa tsiku loyamba. Anzawo a milandu yaupandu omwe amadalira ndalama ya boma anachita kunyanyala ntchito mu 2022 chifukwa cha malipiro, choncho wina akakuuzani kuti ma barrister onse ndi olemera, wangoona mbali imodzi.

Akasungidwa ndi junior, ndipo dzina limeneli amakhala nalo ngakhale afike zaka 50 ngati sanakhale KC. Zaka zoyamba ndi kulembera akuluakulu ndi kupita ku timakhothi tating'ono kukazolowera kuyima. Wofuna milandu ya boma amafunsira kulowa m'magulu a maloya oyimira boma omwe ali pansi pa Attorney General, kuyambira C kenako B mpaka A, malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi a makampani koma amakuika pamaso pa majaji akuluakulu msanga, ndipo ambiri omwe lero amasumira boma mwaluso anaphunzirira komweko poliyimira. Ambiri amafunsira KC atagwira zaka 15 mpaka 20. Kale zinkachitika mwakachetechete, Lord Chancellor, nduna yoona za makhothi, kungofunsa majaji kuseri, ndipo anthu ankadandaula kuti ndi zokondera, koma kuyambira cha m'ma 2005 pali gulu loima palokha, umadzaza fomu yaitali, kutchula milandu yako yovuta ya zaka zaposachedwa ndi majaji, maloya anzako ndi makasitomala omwe angafunsidwe za iwe, kenako intavyu, ndipo umalipira ndalama zambiri ngakhale ulephere. Amene apambana amavala mkanjo wa silika ndi kukhala mzere wakutsogolo m'khothi. Anali QC mpaka mfumukazi Elizabeth itamwalira mu Seputembala 2022, tsiku lomwelo onse anasanduka KC. Ofika pamenepa ndi pafupifupi mmodzi mwa ma barrister 10, ndipo ulemuwu ndi wofanana ndi SC yomwe timaimva kwathu pa maina ngati a Modecai Msisha. Chodabwitsa n'choti ena akangokhala KC ntchito imayamba yachepa, chifukwa ma solicitor omwe ankawapatsa milandu yapakatikati sangathenso mtengo wawo, ndipo milandu ikuluikulu ili kale ndi eni ake.

Opanda dzina angakwanitse? Akhoza, koma ndisakupakeni mafuta, mpikisano wake ndi woopsa ndipo anthu akuda m'ma chambers a malonda akadali ochepa zedi. Patricia Scotland anakhala mayi wakuda woyamba kupatsidwa QC mu 1991 ali ndi zaka 35, kenako Attorney General mu 2007, ndipo kuyambira 2023 jaji wamkulu wa England ndi Wales ndi mayi, Sue Carr, woyamba pa mpando umenewo. Khomo lilipo, kungoti salowera chifundo. Chomwe ndingamuuze mwanayo n'choti chaka chatsalachi aike mphamvu zonse pa magiredi, chifukwa ku mbali ya malondayi 2:1 wamba, giredi yotsatira first class, amavutika naye, ngakhale zitatanthauza kuchepetsa maola a ganyu yomwe akugwira. Afunsire ma mini-pupillage, masiku ochepa oonerera ntchito mu chambers, m'malo angapo osati amodzi, alowe mipikisano ya moot, milandu yongoyeserera, pasukulupo, ndipo akakhale kumbuyo m'khothi kumvetsera, kulowa ndi kwaulere ndipo milandu ya Supreme Court amaionetsa pa intaneti. Inuyo musathamangire kukatenga ngongole ya fizi ya kosi ya Bar. Ma Inn amapereka ma scholarship akuluakulu ndithu, amafunsira ku Inn imodzi yokha ndipo amatseka kumayambiriro kwa Novembala chaka chisanafike choyamba kosiyo, ndiye kwa mwana wanu ndi Novembala akubwerayu. Za pupillage amatsegula mu Januware, ndipo akhoza kufunsira asanayambe n'komwe kosi ya Bar, ma chambers ambiri a malonda akamutenga amamulola kutapako ndalama ya pupillage kuti alipirire fizi.